Mmene mungapangire galu wolankhula m'katuni yanthabwala ya pabanja

Pakati pa atengambali onse amene wolemba makatuni anthabwala angaike m'nyumba ya banja lopeka, galu wolankhula ndiye amaoneka wosavuta, chifukwa kungomva galu akupereka moni kumaseketsa kale. Vuto ndi lakuti kuseka kumeneko sikukhalitsa. Woonera akamva galu akulankhula kawiri katatu amazolowera, ndipo ngati wolemba sanakonze china, amatsala ndi munthu wamba wokutidwa ubweya, amene akanatha kukhala malume kapena mlendo wogona pabalaza popanda nkhani kusintha. Malangizo onse amene ali m'munsimu atsamira pa mfundo yakuti galu wolankhula amagwira mtima pokhapokha ngati akadali galu, ndipo ntchito yanu polemba, pojambula zithunzi ndi potenga mawu ndi yosunga ugalu umenewo pamene pakamwa pake pakutuluka mawu a anthu.

Yambani ndi lamulo la kulankhula

Musanajambule ngakhale khutu limodzi, lembani yankho la funso ili: ndani amamva galuyu akalankhula, nanga anthu a m'dziko la sewerolo amaziona bwanji? Makatuni otchuka anayankha mosiyanasiyana. Mu Family Guy, sewero limene Seth MacFarlane anayambitsa pa wailesi ya kanema ya Fox ku America pa 31 Januwale 1999, galu woyera wotchedwa Brian amalankhula ndi aliyense m'tauni yopeka ya Quahog, amayendetsa galimoto, amamwa mowa ndiponso amalemba mabuku, koma palibe amene amadabwa, ndipo sewerolo silitaya nthawi kufotokoza chifukwa chake. Mu filimu ya Up ya kampani ya Pixar, imene inatuluka mu 2009, galu wotchedwa Dug salankhula ndi pakamwa, koma amavala lamba wa m'khosi wokhala ndi kachipangizo kosandutsa maganizo ake kukhala mawu. Snoopy, amene Charles Schulz anayamba kumujambula m'manyuzipepala mu 1950, amaganiza ngati munthu wopita kusukulu koma anthu omuzungulira samva kanthu, pomwe Scooby-Doo, amene anayamba kuonekera mu 1969, ali pakatikati, popeza amatulutsa mawu ochepa opotoka amene anzake amawamva ndithu.

Njira iliyonse ili ndi zimene imakupatsani ndi zimene imakulandani. Galu womveka kwa aliyense angathe kutsutsana ndi bambo wa pakhomo, kufunsira ntchito kapena kukasuma kukhoti, motero nkhani zake sizitha msanga, koma ndiye amene amasanduka munthu mosavuta ngati wolemba agona tulo. Galu womveka kwa woonera yekha amakhala ngati mnzathu wotinong'oneza zinsinsi za m'nyumbamo, ndipo nthabwala zake zambiri zimachokera pa kulephera kwake kuuza banjalo zimene iye ndi ife tikudziwa, koma sangakhale pakati pa mkangano wa mawu. Galu womveka kwa munthu mmodzi yekha, mwina mwana wamng'ono, amamangirira awiriwo pamodzi ndipo amachititsa kuti mwanayo azioneka wabodza pamaso pa akuluakulu. Kwa wolemba amene akufuna sewero la magawo ambiri, ine ndingasankhe njira yoyamba kapena yachitatu, chifukwa njira yachiwiri imatopetsa ikafika pa gawo la makumi awiri.

Mukasankha, lilembeni lamulolo m'kabuku kamene aliyense wogwira nanu ntchito aziwerenga, ndipo muwonjezere yankho la funso lina limene ambiri amaliiwala, lakuti kodi nyama zina nazonso zimalankhula kapena ayi. Kampani ya Disney yakhala ikusekedwa kwa zaka zambiri chifukwa Goofy, amene ndi galu, amavala zovala ndi kulankhula, pomwe Pluto, amene ndi galunso, amayenda ndi miyendo inayi ndipo amangouwa. Disney inapulumuka chifukwa dziko la makatuni ake silinamizira kufanana ndi dziko lenileni, koma sewero la pabanja limene lili ndi lendi, sukulu ndi apongozi silingapulumuke motero. Ngati galu wanu ndi yekha amene amalankhula, ndiye kuti ali ndi kusungulumwa kumene mungakugwiritse ntchito, chifukwa sali galu mokwanira pakati pa agalu ndipo sali munthu mokwanira pakati pa anthu.

Malo ake m'banjamo

Apa ndi pamene pagona chuma chenicheni cha mtengambaliyu, ndipo mpofunika kukhalitsapo. Galu wa pakhomo ndi wa m'banja, koma si wofanana ndi ena onse. Amakondedwa, koma amadyera pansi. Amadziwa zinsinsi za aliyense chifukwa palibe amene amatseka chitseko poopa galu, koma banja likamakambirana zosamuka kapena zogula galimoto palibe amene amamufunsa maganizo. Mukam'patsa mawu, mwam'patsa mphamvu yoti adandaule za zimenezi, koma musam'patse mphamvu yozisintha, chifukwa kusiyana kwa nzeru zake ndi malo ake otsika ndiko kudzakudyetsani kwa zaka zambiri. Olemba a Family Guy anazindikira zimenezi msanga, moti gawo lomaliza la chaka choyamba, mu 1999, linali lokhudza Brian akukana kupempha chakudya ngati galu wamba pa mpikisano wa agalu, kenako n'kuchoka pakhomo chifukwa choona kuti wanyozeka. Gawo lotere silingalembedwe ndi malume kapena mlendo pamalo pa galuyo, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chakuti mtengambaliyo wagwira.

Njira yodziwika kwambiri ndi yoika galu wanzeru pambali pa mwini wake wopusa. MacFarlane anaiyesa kale ali wophunzira pa Rhode Island School of Design, pamene mu 1995 anapanga kafilimu ka bambo wina wotchedwa Larry ndi galu wake wochenjera wotchedwa Steve, ndipo awiriwa ndi amene pambuyo pake anasanduka Peter Griffin, bambo wa pakhomo mu Family Guy, ndi Brian. Nick Park wa ku Britain anachitanso chimodzimodzi ndi Wallace ndi galu wake Gromit kuyambira mu 1989, ndipo kale mu 1959 makatuni a ku America anali atafikitsa kale nkhaniyi kumapeto kwake ndi Mr. Peabody, galu wanzeru zakuya amene amalera mnyamata wotchedwa Sherman. Njirayi imagwira ntchito chifukwa imatembenuza dongosolo limene tonse tinalizolowera, koma ili ndi msampha wake. Galu amene nthawi zonse amanena zoona, amene ntchito yake ndi kungoima pambali n'kumaloza zolakwa za ena, amasanduka mlaliki, ndipo woonera amayamba kumva mawu a wolemba m'malo mwa mawu a galu.

Mankhwala ake ndi kum'patsa chofooka cha umunthu chimene chikugwirizana ndi ugalu wake. Galu weniweni amafuna kukondedwa ndi kuyamikiridwa, choncho galu wolankhula angakhale wodzikweza, wofuna kuti anthu amuone ngati wophunzira, koma wosweka mtima msanga munthu akangom'nyalanyaza. Brian amadzitcha wolemba mabuku, koma buku lake loyamba silinagulidwe, ndipo banja lonse limamuseka nalo. Chofooka chotere chimam'tsitsa pampando wa woweruza n'kumubwezera pakati pa anzake olakwa. Komabe muyenera kusamala ndi muyeso, chifukwa m'kuona kwanga magawo ena a zaka zapambuyo a sewerolo anapitirira malire, mpaka galuyo anasanduka wachinyengo ndi wodzikonda kwambiri moti kukhulupirika, kumene ndi maziko a galu aliyense, kunasowa. Galu wanu anganame, angabe nyama pambale, angachite nsanje, koma tsiku limene banja lili pamavuto enieni ayenera kupezeka pakhomo.

Kenako m'sankhireni mnzake wapamtima m'nyumbamo. Bambo ndi mwini wake, koma nthawi zambiri mnzake woyenera ndi munthu wina amene nayenso samveredwa, monga mwana wakhanda, agogo okalamba kapena mtsikana amene abale ake amamuderera. Ubwenzi wa Brian ndi mwana wakhanda Stewie unakula mpaka kukhala msana wa sewerolo, kuyambira pa gawo la ulendo wawo wobwerera ku Rhode Island mu 2000, ndipo mu 2010 olemba anatsekera awiriwo m'chipinda chosungira chuma cha kubanki kwa gawo lathunthu popanda mtengambali wina aliyense. Mungayese zomwezo papepala: tsekerani galu wanu ndi mnzakeyo m'chipinda chimodzi, mulembe masamba asanu a kukambirana kwawo. Ngati mwasowa chonena patsamba lachiwiri, ndiye kuti simunawadziwe bwino.

Thupi la galu ndi nkhokwe ya nthabwala

Phunzirani agalu enieni, ndipo muwaonerere kwa nthawi yaitali musanalembe. Mphuno ya galu ili ndi tizigawo tomva fungo tofika mamiliyoni mazana angapo, pomwe ya munthu ili ndi pafupifupi 6 miliyoni, kutanthauza kuti galu wanu amadziwa kumene aliyense wachokera, chimene wadya ndi amene wakumana naye. Makutu ake amamva mawu okwera kupitirira ma hertz (muyeso wa kukwera kwa mawu) 40,000 pomwe munthu amalekera cha pa 20,000, motero kunong'ona kwa m'chipinda chogona sikum'dutsa. Maso ake amaona bwino mtundu wa buluu ndi wachikasu koma amavutika kusiyanitsa kufiira ndi kubiriwira, ndipo izi zokha ndi nkhani ngati mwaganiza zom'patsa galimoto. Amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili panja, chokoleti ndi anyezi zimam'dwalitsa, ndipo agalu ambiri amakhala zaka zapakati pa 10 ndi 13, zimene zikutanthauza kuti galu wa zaka zisanu ndi zitatu ndi wachikulire kale ngakhale ali wamng'ono kwa mwana wachisamba wa m'nyumbamo.

Nthabwala yamphamvu kwambiri ya mtengambali wotere imabwera pamene thupi lapereka ulemu wake kwa adani. Galu akulankhula mwaulemu za ndale kapena za chikondi, kenako wina waponya mpira, ndipo miyendo yanyamuka mawu asanathe. Akunena kuti sakusangalala n'komwe ndi kubwera kwa mayi, koma mchira ukugwedezeka kumbuyo. Dug amadula chiganizo pakati akangoganiza kuti waona gologolo, kenako n'kupitiriza ngati palibe chimene chachitika. Chinsinsi chake ndi dongosolo: yambani mwamanga ulemuwo mokwanira, mulole woonera aiwale pang'ono kuti akumvetsera galu, ndipo pamenepo m'pamene thupi lilowerere. Mukayamba ndi ugalu n'kutsiriza ndi nzeru, nthabwalayo imafooka.

Musachulutse. Kamodzi kapena kawiri pa gawo n'kokwanira, ndipo ndi bwino kuti kulowerera kwa thupiko kusinthe nkhani m'malo mongokometsera. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo galu wa m'sewero lanu nayenso asakande, asanunkhize kapena kuuwa popanda chimene zikubweretsa. Ngati mchira waulula kuti galuyo akunama, bodzalo likhale ndi zotsatira zake m'mphindi zotsatira. Ngati wathamangira mpira, akhale kuti wasiya mwana amene anauzidwa kuti amuyang'anire. Pewaninso kudalira nthabwala zonyansa za kununkhiza zinyalala ndi kukodzera mitengo, chifukwa wolemba aliyense amazipeza tsiku loyamba, ndipo woonera anaziona kale kambirimbiri.

Ngati mukulemba m'Chichewa

Sewero la ku America limalola galu kuitana mwini wake ndi dzina, ndipo palibe amene amaona chachilendo. M'Chichewa nkhaniyi siingadutse mwakachetechete, chifukwa chiganizo chilichonse chimaulula ngati wolankhula akulemekeza kapena ayi. Muyenera kusankha ngati galuyo aziti "bambo" ndi "mayi" monga amachitira ana a pakhomopo, kapena aziti "bwana" ngati wantchito, komanso ngati ana azimuti "iwe" pomwe iye malinga ndi zaka za agalu ndi wamkulu kwa onsewo. Ine ndingam'patse ulemu wonse wa pakamwa, wa "inu" ndi "zikomo", chifukwa chipongwe chokutidwa ndi ulemu chimaluma kwambiri kuposa chipongwe chapoyera. Taganizirani bambo amene wafika usiku n'kunena kuti anachedwa kuntchito, galu n'kununkhiza buluku lawo kamodzi, kenako n'kufunsa modzichepetsa kuti, "Pepani bambo, kodi ku ofesi kwanu masiku ano mwayamba kuwotcha kanyenya?" Mawuwo ndi aulemu, chida chake ndi mphuno ya galu, ndipo mayi amene ali pakhomo amva zonse.

Kumbukiraninso kuti m'makomo ambiri a kwathu galu amagona panja, ntchito yake ndi kulondera kapena kusaka, ndipo kutchula munthu kuti galu ndi kumutukwana. Mukangotenga galu wa ku Quahog wogona pa sofa n'kumuika ku Ndirande kapena ku Chipata, oonera adzaona kuti ndi wobwereka. Koma kusiyana kumeneku ndi mwayi, chifukwa galu wolankhula amene saloledwa kulowa m'nyumba, amene amatsatira nkhani zonse za banja kudzera pawindo, ali ndi dandaulo lalikulu kuposa la Brian. Oonera athu anakulira nthano za Kalulu ndi Fisi, choncho nyama yolankhula siidzawadabwitsa, ndipo chatsopano kwa iwo chidzakhala kuiona ikukhala pakati pa anthu amene akulimbana ndi fizi ndi ngongole.

Kajambulidwe kake

Maonekedwe a galuyo akhale odziwika ngakhale mutam'paka mtundu wakuda yense n'kungotsala mthunzi wake. Musatengere chithunzi cha galu wokongola wa pampikisano. Iwao Takamoto, amene anajambula Scooby-Doo ku kampani ya Hanna-Barbera, anafotokoza kuti anafunsa munthu woweta agalu a mtundu wa Great Dane za maonekedwe a galu wangwiro wa mtunduwo, kenako anajambula zosemphana nazo, monga msana wopendekeka, miyendo yamatewe ndi chibwano cholakwika. Zolakwikazo ndi zimene zinam'patsa khalidwe asanatsegule n'komwe pakamwa.

Sankhani ngati aziyenda ndi miyendo iwiri kapena inayi. Miyendo iwiri imamasula manja kuti agwire kapu kapena nyuzipepala, ndiponso njosavuta kujambula, koma imam'yandikizitsa kwa munthu. Njira yabwino ndi yom'lola kuchita zonse ziwiri mwa lamulo lomveka, kuti aziima ndi iwiri akamadzisunga ndipo azigwa pa inayi mantha, njala kapena chimwemwe zikam'gonjetsa, kotero kuti kaimidwe kokha kazitiuza amene akulamulira pa nthawiyo pakati pa mutu ndi thupi. Musaiwale lamba wa m'khosi. Ojambula a Hanna-Barbera ankaveka atengambali awo ambiri kolala kapena tayi chifukwa mzere umenewo umalekanitsa mutu ndi thupi, ndipo wojambula angathe kusuntha mutu wokha thupi lili chiimire, zimene zimachepetsa kwambiri zithunzi zofunika. Kwa galu lambayo ali ndi ntchito yachiwiri, yokumbutsa woonera nthawi zonse kuti uyu ali ndi mwini wake, ngakhale alankhule mwanzeru chotani.

Nkhope yake ipatseni nthawi yambiri kuposa china chilichonse, makamaka pamwamba pa maso. Gromit alibe pakamwa n'komwe, koma chipumi chake chimanena zonse, ndipo ndi mmodzi mwa agalu omveka bwino kwambiri m'makatuni. Izi zili ndi maziko m'chilengedwe, popeza kafukufuku amene Juliane Kaminski ndi anzake anafalitsa mu 2019 anaonetsa kuti agalu ali ndi kamnofu kokweza mbali ya m'kati ya nsidze kamene mwa mimbulu n'kosakhwima, ndipo n'kamene kamapanga nkhope yomvetsa chisoni imene imatigonjetsa tikamadya. Makutu ndi mchira muzione ngati pakamwa pachiwiri pamene sipatha kunama. Jambulani pepala limodzi loonetsa galuyo kutsogolo, chammbali ndi kumbuyo, ndi lina loonetsa nkhope zake zikuluzikulu pamodzi ndi mmene makutu ndi mchira zimakhalira pa iliyonse, kuti aliyense wojambula naye azitsatira chimodzimodzi.

Mawu ndi kayendedwe ka pakamwa

M'makatuni a mtundu uwu mawu amatengedwa poyamba, ndipo zithunzi zimatsatira mawuwo. Posankha wolankhulira galuyo, musathamangire munthu wodziwa kusintha mawu moseketsa. Don Messick anapatsa Scooby-Doo mawu opotoka oyamba ndi "r" pafupifupi paliponse, ndipo zinayenera chifukwa galuyo amalankhula pang'ono, koma mawu otere sanganyamule mkangano wa mphindi zitatu. MacFarlane amalankhulira Peter ndi Stewie ndi mawu opanga, pomwe Brian amam'lankhulira ndi mawu ake enieni a tsiku ndi tsiku, ndipo zotsatira zake n'zakuti m'nyumba yonse ya anthu galu ndiye amamveka ngati munthu wabwinobwino. Ngati galu wanu ali ndi zambiri zonena, tsatirani njira imeneyi. Kuuwa, kulira ndi kupuma wefuwefu kuchitidwe ndi wolankhulira yemweyo, chifukwa mukaika kuuwa kwa galu weniweni woonera amamva kuti ndi nyama ziwiri zosiyana.

Filimu imayenda pa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, koma ojambula ambiri amagwiritsa chithunzi chimodzi kawiri, motero amajambula 12 pa sekondi, ndipo makatuni a pa wailesi ya kanema nthawi zambiri amachepetsanso kuposa pamenepo. Pakamwa sipafuna chithunzi chatsopano pa chilembo chilichonse. Ku Hanna-Barbera ankadalira maonekedwe asanu ndi limodzi okha a pakamwa, ndipo pulogalamu yaulere ya pa kompyuta yotchedwa Rhubarb Lip Sync imagwiritsabe ntchito omwewo, kuwonjezerapo atatu kwa amene akuwafuna. Chichewa chimapepukitsa ntchitoyi chifukwa chili ndi mavawelo asanu okha ndipo maphatikizo ake amathera pa vawelo, choncho mukakhala ndi pakamwa potseka pa m, b ndi p, pa mano okhudza mlomo pa f ndi v, ndi maonekedwe a mavawelo, mwatha mbali yaikulu. Chovuta kwa galu ndi kutalika kwa kamwa lake. Mukalitsegula lonse pa liwu lililonse amaoneka ngati akufuna kuluma, choncho polankhula sunthani mbali ya kutsogolo yokha, ndipo kutsegula nsagwada zonse mukusungire kuuwa, kuyasamula ndi mkwiyo. Kwa amene alibe ndalama zogulira pulogalamu yopangira makatuni ya Toon Boom Harmony, imene makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito, mapulogalamu a Blender, Krita ndi OpenToonz ndi aulere ndipo amakwanira, pomwe Audacity imathandiza kukonza mawu.

Kulemba gawo ndi kuliyesa

Gawo la sewero lotere ku America limatenga mphindi pafupifupi 22, ndipo kawirikawiri limakhala ndi nkhani yaikulu ndi ina yaing'ono zoyendera limodzi. Galu asakhale mwini nkhani yaikulu nthawi zonse. M'magawo ambiri akhale mboni, mlangizi wosamveredwa kapena mnzake wa wolakwa, ndipo magawo ake enieni abwere mwa apo ndi apo kuti akhale olemera. Nkhani zom'yenera ndi zimene zimagunda pa malire a ugalu ndi umunthu, monga tsiku la katemera wa chiwewe, kubwera kwa mphaka kapena mwana wakhanda amene walanda chikondi, kufunafuna mayi ake amene anasiyana nawo ali kamwana, kapena kukonda munthu amene amamuona ngati chiweto chabe.

Mukamaliza kulemba, sonkhanitsani olankhulira onse awerenge mokweza pamodzi, ndipo inu muzilemba chizindikiro paliponse pamene anthu aseka ndi pamene akhala chete. Kenako yesani mzere uliwonse wa galuyo poupereka m'maganizo kwa munthu wina wa m'banjamo. Ngati mizere yake yambiri ingathe kunenedwa ndi bambo kapena mwana wamkulu popanda kutaya kanthu, bwererani mukalembenso. Pambuyo pake jambulani zithunzi zachidule za chochitika chilichonse, zimene amazitcha storyboard, muzilumikize ndi mawu amene munatenga kuti mupange animatic, imene ndi filimu yosasalala yoonetsa nthawi ya chilichonse. Apa ndi pamene mungakonze kutalika kwa kachetechete amene amakhala pakati pa mawu aulemu a galu ndi kugwedezeka kwa mchira, ndipo theka la sekondi lingasinthe nthabwala yakufa kukhala yamoyo. Kukonza pa animatic n'kotsika mtengo, pomwe kukonza zithunzi zomalizidwa kumadya masabata.

Nkhani ya ukalamba ndi imfa

Popeza moyo wa galu ndi waufupi, tsiku lina mudzakopeka kuti mumuphe pofuna kugwedeza oonera. Family Guy inachita zimenezi pa 24 Novembala 2013, pamene Brian anagundidwa ndi galimoto n'kufa, ndipo banjalo linatenga galu wina wolankhula wotchedwa Vinny, amene ankamulankhulira Tony Sirico. Anthu oposa 100,000 anasaina pempho la pa intaneti lofuna kuti Brian abwerere, ndipo pa 15 Disembala chaka chomwecho Stewie anabwerera m'mbuyo ndi makina ake oyendera nthawi n'kumupulumutsa. Popeza gawo limodzi la katuni limatenga miyezi yambiri kuti lipangidwe, n'zoonekeratu kuti kubwerera kwake kunakonzedwa kale pempholo lisanayambe. Nkhaniyi inaonetsa kuti oonera amalira galu wa m'katuni mofanana ndi chiweto chawo, koma inawaphunzitsanso kuti imfa m'sewerolo ilibe kulemera, ndipo njira yotere siingagwire kachiwiri. Chopindulitsa kwambiri ndi kusiya ufupi wa moyo wake ukhale chinthu chimene galuyo amachidziwa koma ana a m'nyumbamo sanachiganizire, n'kumachikhudza mwa kamodzikamodzi ndi mzere umodzi pakati pa nthabwala.

Poyamba penipeni musalimbane ndi gawo la mphindi 22. Pangani kachidutswa ka mphindi ziwiri ka galu ndi munthu mmodzi m'chipinda chimodzi, kokhala ndi chimene galuyo akufuna, chimene chikumuletsa, ndi nthawi imodzi imene thupi lake limuulula. Pa zithunzi 12 pa sekondi, mphindi ziwiri zingafune zithunzi 1,440, koma mukagwiritsa ntchito thupi loima, mutu wosuntha pamwamba pa lamba ndi maonekedwe ochepa a pakamwa, zojambula zatsopano zidzachepa kwambiri moti munthu mmodzi angathe kuzimaliza. Mukatero kaonetseni anthu amene sakukudziwani, koyamba mutazimitsa mawu kuti muone ngati makutu, nsidze ndi mchira zikufotokoza nkhaniyo pazokha, ndipo kachiwiri ndi mawu, mukuyang'ana nkhope zawo osati kanemayo.